Kusankha malo a pa intaneti okumanirapo ndi amayi achikulire pamene muli kunja

Mwamuna wa ku Malawi amene akugwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town, Leeds kapena Manchester, ndipo mtima wake ukufuna mayi wamkulu kuposa iye, amene mwina anakwatiwapo n'kulera ana ake, sangadalire achibale ndi ankhoswe monga zikhalira kumudzi. Nthawi yake imathera ku ntchito, makamaka ngati ndi yosamalira okalamba usana ndi usiku, choncho ambiri amatembenukira ku foni.

Malo oyenera kuwataya msanga ndi masamba a pa Facebook ndi magulu a pa WhatsApp amene amalonjeza kukulumikizani ndi mayi wachuma amene adzakusamalireni. Ku South Africa mnyamata wotsamira pa mayi wotere amamutchula kuti Ben 10, ndipo akuba amadziwa kuti ofuna moyo umenewu ndi ambiri. Amaika chithunzi cha mayi wovala bwino ataima pambali pa galimoto, kenako amapempha ndalama yolembetsera, ina yoyezetsera magazi, inanso yoti akupatseni nambala, mpaka mutazindikira kuti mayiyo kulibe. Malo enieni amalipiritsa kudzera mu App Store, Google Play kapena khadi la ku banki pa webusaiti yawo, ndipo salamula munthu kutumiza ndalama ku nambala ya foni ya munthu wina.

Pa malo odziwika, kusankha kumadalira msinkhu wanu. OurTime ndi SilverSingles anawakonzera anthu a zaka 50 kupita m'tsogolo, kotero mwamuna wa zaka 35 akalowako amangotaya ndalama chifukwa amayi a kumeneko amafuna anzawo a msinkhu womwewo. Iyeyu zingamuyendere bwino pa Match, imene inayamba mu 1995, kapena pa eHarmony, imene imafunsa mafunso ambirimbiri musanaonetsedwe aliyense. Mafunsowo ndi otopetsa, koma ndiwo amathamangitsa anthu ongosewera, n'chifukwa chake ine ndimaona kuti mayi wofuna banja amapezeka kumeneko mosavuta kusiyana ndi pa Tinder, pomwe zonse zimathera pa chithunzi. Bumble, imene inayamba mu 2014, inatchuka chifukwa chopatsa mkazi mwayi woyamba kulankhula, ndipo izi zimakuthandizani kudziwa kuti amene wakulemberaniyo ali ndi chidwi chenicheni. AfroIntroductions ili ndi anthu ambiri a ku Africa, koma ambiri mwa iwo ali kutali ndi kumene mukukhala, ndipo chibwenzi cha patali ndicho akuba amachikonda.

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa. Mukasankha kuti muzionetsedwa amayi a zaka 45 mpaka 55, nawonso amakhala atasankha msinkhu wa amuna amene akuwafuna, moti ngati zaka zanu zili kunja kwa malire awo, kawirikawiri simudzakumana. Ena amathetsa vutoli powonjezera zaka zawo, koma bodza lotere limaululika tsiku loyamba kuonana. Ndi bwino kuyamba mwalembetsa mwaulere, muone ngati m'dera lanu muli amayi a msinkhu umene mukufuna, ndipo mukatsimikiza mulipire mwezi umodzi wokha. Kumbukiraninso kuzimitsa kulipira kobwereza kokha, poti malo ambiri amapitiriza kudula ndalama ku khadi lanu ngakhale mutachotsa pulogalamuyo m'foni.

Mayi wachikulire wa ku Britain kapena ku South Africa akaona mwamuna wamng'ono wochokera kunja, funso loyamba m'mutu mwake limakhala lakuti kodi akufuna ine kapena mapepala. Sakulakwa kuganiza choncho, chifukwa nkhani zotere wazimva kwa anzake, ndipo boma nalonso limakayikira. Ku England ndi Wales anthu ofuna kukwatirana amadziwitsa ofesi yolembetsa maukwati masiku osachepera 28 ukwati usanachitike, koma Home Office, nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dzikolo, ikhoza kutalikitsa nthawiyi mpaka masiku 70 ngati ikufuna kufufuza ngati ukwatiwo ndi weniweni. Choncho nenani zoona zokhudza viza yanu, ntchito yanu ndi ana amene munasiya kwanu nkhani isanapite patali. Ngati muli ndi mkazi ku Mangochi kapena ku Mzimba amene ukwati wake sunathe mwalamulo, dziwani kuti kumanga ukwati wina ku Britain ndi mlandu wopita nawo kundende.

Nanunso muli ndi ufulu wokayikira. Sankhani malo amene amatsimikizira zithunzi, monga Tinder ndi Bumble zimachitira pouza munthu kuti adzijambule pompopompo, ndipo chithunzi chokongola mopitirira muyezo muchifufuze pa Google Lens, chida choonetsa kumene chithunzi chikupezekanso pa intaneti. Lankhulanani pa vidiyo musanapangane tsiku, ndipo amene akuzemba vidiyo mobwerezabwereza, kapena wayamba kunena za mwana wodwala ndi ndalama za ulendo, musiyeni. Musatumize zithunzi za maliseche kapena za pasipoti yanu. Kukumana koyamba kukhale masana pamalo a anthu ambiri, mnzanu wina akudziwa kumene mwapita, ndipo mulole mayiyo asankhe yekha malowo ndi kubwerera kwawo payekha.