Kusankha ndi Kusamalira Ferrule ya Ndodo ya Snooker

Ferrule ndi kamphete kachitsulo kamene kamakhala kunsonga kwa ndodo, pansi pa kachikopa komenyera mpira, ndipo ntchito yake ndi kuteteza mtengo kuti usang'ambike. Osewera ambiri ku Mbare ndi ku Highfield mu mzinda wa Harare amasamala kachikopa kokha, chonsecho ndodo yabwino imayamba kuwonongeka pamenepa.

Pogula, sankhani ferrule yofanana ndendende ndi kukula kwa nsonga, kumene pa ndodo zambiri za snooker kumakhala pakati pa mamilimita 9 ndi 10. Yendetsani chala pamene chitsulo chakumana ndi mtengo. Ngati chala chikukodwa, ndodoyo isiyeni. Ya mkuwa wachikasu ndiyo yofala ndiponso yosavuta kupeza, pomwe ya chitsulo cha titanium ndi yopepuka, koma kwa ine mkuwa ndi wokwanira.

Poyeretsa, yambani mwakulunga tepi pamtengo pafupi ndi chitsulocho, kenako pukutani pang'onopang'ono mozungulira ndi steel wool (tiwaya tachitsulo tofewa topukutira) yosalala kwambiri ya nambala 0000. Musagwiritse ntchito sandipepala yokhakhala, chifukwa imadya mkuwa ndi mtengo womwe mpaka nsonga kuwonda. Pochotsa kachikopa kakale, palani guluu wotsalira mosamala kuti pamwamba pakhalebe pathyathyathya.

Kutentha kouma kwa mu Okutobala kuno ku Harare kumaumitsa mtengo, ndipo ferrule imatha kukhwepa. Mukamva kaphokoso kachilendo pomenya mpira, lekani kusewera ndipo pitani nayo kwa mmisiri wodziwa, chifukwa kupitiriza kumaswa mtengo wamkati. Ndodo musaisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa.