Musalandire chipukuta misozi musanayeze zomwe zawonongeka kugombe

Chaka chino ndatsika kangapo kuchoka kuno ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi Chintheche, ndipo zomwe ndaona zandiwawa. Ena akukumba mchenga m'mphepete mwa nyanja n'kumapakira m'malole, ena akudula bango kuti amange malo ogona alendo. Eni malo angopatsidwa kandalama m'manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Woyeza palibe, cholembedwa palibe.

Tikungowerengera zomwe zagwa tsiku limenelo: mitengo ingati, mitolo ya bango ingati. Koma bango si lolukira mphasa lokha. M'bangomo ndi momwe tiana ta nsomba timabisala mpaka titakula, ndipo mizu yake ndiyo imagwira dothi mafunde a mwera akamamenya gombe. Amene walichotsa wakulandani nsomba za chaka chino, za chaka chamawa, mpaka chaka chomwe lidzamerenso. Wakulandaninso mpanda womwe unkatchinga munda wanu. Nanga ndalama yogulira matumba awiri a chimanga ingabweze zonsezi?

Bambo wina anavomera kulipidwa mizere yochepa ya chinangwa yomwe lole inapondaponda. Nyanja itadzaza kwambiri mu 2024, madzi analowera pomwe panakumbidwa mchenga paja n'kudya mbali yaikulu ya munda. "Alangizi, ndikadandaule kuti?" Nditawafunsa kuti mundawo unali waukulu bwanji poyamba, anangoloza ndi dzanja pomwe pano pali madzi okhaokha. Banja lomwe linkadya kondowole wa m'munda mwake lero likugula ufa pamsika.

Mawu akuti "tinagwirizana kale pamaso pa amfumu" ndatopa nawo, abale anga. Amfumu timawalemekeza, koma iwonso sangaweruze bwino popanda muyeso. Lamulo la zachilengedwe la 2017, lomwe linakhazikitsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, limati wowononga ndiye alipire, ndipo akhoza kulamulidwa kukonzanso malowo.

Tsono chitani izi. Yezani munda ndi bango lanu ndi tepi kapena chingwe pano zinthu zisanavute, mujambule pafoni. A komiti ya gombe azilemba m'kope nsomba zomwe zikugwidwa. Pakawonongeka, werengerani zomwe malowo amakupatsani pachaka, muchulukitse ndi zaka zomwe adzatenge kuti abwerere mwakale, muwonjezerepo mtengo wokwirira maenje ndi wodzalanso. Musasaine kanthu ofisala wa zachilengedwe wa kukhonsolo asanafike kudzaona yekha.