Momwe Mungadziwire Ngati Fayilo ya Word Ili ndi Vayirasi

Fayilo ya Word imatha kunyamula timalamulo totchedwa macro, tomwe cholinga chake ndi kufewetsa ntchito zobwerezabwereza, koma m'menemo ndi momwe akuba a pa intaneti amabisa mapulogalamu owononga kompyuta. Vutoli ndi lakale ndithu, pakuti mu 1999 vayirasi ya Melissa inafalikira kudzera mu fayilo ya Word, ndipo inkadzitumiza yokha kwa anthu 50 oyambirira pa mndandanda wa ma adiresi a imelo mu pulogalamu ya Outlook ya mwini kompyuta.

Musanatsegule fayilo, yang'anani zilembo za kumapeto kwa dzina lake. Mafayilo a .docm, .dotm komanso .doc akale aja amatha kukhala ndi macro, pomwe .docx wamba sakhala nayo. Ngati Windows ikubisa zilembozi, zionetseni mu File Explorer, chifukwa dzina ngati "risiti.docx.exe" ndi la pulogalamu yongonamizira kukhala kalata.

Chizindikiro chomwe sindifuna kuti muchinyozere ndi uthenga wa mkati mwa fayilo wonena kuti zolembedwa sizioneka pokhapokha mutadina "Enable Content", batani lomwe limalola macro kuyamba kugwira ntchito. Kalata yachilungamo imawerengeka bwinobwino mu Protected View, njira yotetezeka yomwe Word imatsegulira fayilo kuti muingowerenga, popanda kudina chilichonse. Kuyambira mu 2022 Microsoft imatsekereza macro za mafayilo ochokera pa intaneti, choncho fayilo yomwe ikukulangizani njira yochotsera chitetezochi muyenera kuikayikira kwambiri, ngakhale itabwera m'dzina la munthu amene mumamudziwa. Muimbireni foni mwini dzinalo kuti atsimikize kuti waitumiza ndi iyeyo.

Kuti muone zamkati osaitsegula, koperani fayiloyo ndi kusintha mapeto a dzina lake kukhala .zip, popeza mafayilo amakono a Word ndi timafayilo tambiri tomangidwa pamodzi. Mukapeza vbaProject.bin mu foda yotchedwa word, ndiye kuti muli macro. Onaninso mu word/_rels ngati muli adiresi ya pa intaneti yachilendo, chifukwa vuto lotchedwa Follina la mu 2022 linkadzera njira imeneyi popanda macro iliyonse. Pulogalamu yaulere ya olevba imaonetsa malamulo onse a macro, ndipo mukaona AutoOpen kapena Document_Open pamodzi ndi Shell, dziwani kuti fayiloyo ikufuna kuyendetsa pulogalamu ina ikangotsegulidwa.

Tsamba la VirusTotal limaunika fayilo ndi ma antivirus ambirimbiri nthawi imodzi, koma zomwe mwatumiza kumeneko akatswiri ena amatha kuziona. Ngati fayiloyo ili ndi zinsinsi za kuntchito, pezani nambala yake ya SHA-256, yomwe ili ngati chidindo cha fayiloyo, ndi lamulo la Get-FileHash mu PowerShell, pulogalamu ya Windows yolemberamo malamulo, ndipo mufufuze nambalayo pa VirusTotal m'malo motumiza fayilo yonse.