Mwagwidwa mukuyendetsa galimoto mutamwa? Momwe mungafufuzire ngati makina oyezera mowa ananena zoona

Wapolisi wakuimitsani usiku. Wang'amba kapulasitiki, watulutsamo kachubu koyera, wakalumikiza ku kachipangizo kokwana m'dzanja limodzi. "Uzirani apa, musasiye mpaka ndikuuzeni." Mwauzira, kachipangizo kalira, nambala yatuluka, ndipo mukungomva kuti tsikani m'galimoto.

Ambiri akafika pamenepa amati basi, mlandu watha, makina sanama. Ena amati loya wochenjera apeza pothawira zivute zitani. Onsewa akulakwitsa. Makina oyezera mowa, omwe ambiri amawatchula kuti breathalyzer, ndi odalirika ngati akusamalidwa bwino ndiponso ngati wowagwiritsa ntchito watsatira ndondomeko yake. Chimodzi mwa ziwirizi chikasowa, munthu wosalakwa atha kutaya laisensi, ntchito, mwinanso kukalowa m'ndende. Sindikulembera munthu amene wamwa mpaka kudzandira n'kukagwira chiwongolero, chifukwa ameneyo ndi amene amasiya ana amasiye pamsewu. Ndikulembera aliyense amene akufuna kuti nambala yomwe ikumuzengetsa mlandu ikhale yoona.

Yambani mwadziwa chimene makinawa amayeza

Sayeza magazi, amayeza mpweya. Mowa ukachoka m'mimba ndi m'matumbo umalowa m'magazi, magaziwo amadutsa m'mapapo, ndipo kamowa pang'ono kamatuluka limodzi ndi mpweya. Makina amagwira kamowako n'kuwerengera kuti m'magazi muyenera kuti muli wochuluka bwanji. Amene anayambitsa makina otchedwa Breathalyzer ndi Robert Borkenstein, yemwe ankagwira ntchito kupolisi ya ku Indiana ku United States, ndipo anawapanga mu 1954.

Powerengera, makina a ku United States amatenga kuti mowa womwe uli m'mamililita 2100 a mpweya wochokera pansi pa mapapo ndi wofanana ndi womwe uli mu mililita 1 ya magazi. Ku Britain amagwiritsa ntchito 2300 m'malo mwa 2100. Kusiyana kumeneku kukusonyeza kale kuti nambalayi ndi yongogwirizana, si kuti thupi la munthu aliyense limatero. Koma ndinene mosabisa: kwa anthu ambiri, mowa ukakhala kuti wamaliza kulowa m'magazi, kawerengedwe ka 2100 kamatsitsa nambala m'malo moikweza. Choncho kungonena kukhoti kuti matupi amasiyana sikungakupulumutseni.

Malire nawonso amasiyana dziko ndi dziko. Ku England, ku Wales ndi m'madera ambiri a United States ndi magalamu 0.08 a mowa m'mamililita 100 a magazi. Ku Australia ndi ku South Africa ndi 0.05, ndipo Scotland inatsikira pa 0.05 mu 2014. Ku Sweden ndi 0.02 yokha. Funsani malire a kumene mwagwidwirako, chifukwa nkhani yonse ikudalira kuti mwawapitirira ndi pang'ono kapena ndi patali.

Gawo loyamba: pamsewu pomwepo

Musakane kuuzira. M'maiko ambiri, kuphatikizapo Britain ndi South Africa, kukana kupereka mpweya kapena magazi ndi mlandu pawokha. Ku United States laisensi imatha kulandidwa pa kukana kokhako. Ngati muli ndi mphumu kapena vuto lina la m'chifuwa loti simungauzire nthawi yaitali, nenani pomwepo, mupemphe kuti alembe, mupemphenso kuti akuyezeni magazi. Mukadzanena izi patapita miyezi itatu, khoti lidzaona ngati mwangozipeka.

Za kuika khobidi mkamwa, kutafuna chingamu kapena kumwa khofi, zisiyeni. Palibe chimene chimachotsa mowa m'mapapo. Mankhwala otsukira mkamwa ndiye amaonjezera moto, chifukwa ambiri mwa iwo ali ndi mowa.

Perekani dzina ndi laisensi mwaulemu. Musaname, koma musayambenso kulongosola kuti munamwa mabotolo angati, kuti, ndi yani. M'maiko ambiri womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya. Sitetimenti yomwe simunaiwerenge musasaine. Ndipo musayerekeze kupereka chiphuphu, mungaonjezere mlandu wachiwiri woposa woyambawo.

Gawo lachiwiri: lembani nthawi, lembani zonse

Pa zonse zomwe zili m'nkhaniyi, ichi ndi chimene anthu amachinyalanyaza kwambiri, chonsecho n'chosalira ndalama. Mukangotuluka m'chitokosi, musanagone, tengani pepala ndi cholembera. Lembani nthawi imene munayamba kumwa, nthawi imene munameza komaliza, chimene munamwa, ndi ngati munadya. Lembani nthawi imene munaimitsidwa, imene munauzira koyamba, imene munafika kupolisi, ndi imene munauziranso. Kodi kachubu anakatsegula inu mukuona? Munageya kapena kusanza musanauzire? Wapolisi anakhala nanu nthawi yonse, kapena anakusiyani pabenchi n'kukachita zina? Anakuuzitsani kangati?

Foni yanu ikuthandizani kukumbukira: uthenga womaliza umene munatumiza, lisiti ya komwe munalipira, nthawi imene munaimbira mnzanu. Ngati munali ndi munthu m'galimoto, naye alembe zake payekha. Makina a kupolisi amatulutsa kapepala kakang'ono ngati lisiti, kosonyeza tsiku, ola, nambala ya makinawo ndi zotsatira. Pemphani kope lake ndipo mukalijambule tsiku lomwelo, chifukwa zilembo za pa timapepala totere sizichedwa kufufutika.

Gawo lachitatu: siyanitsani kuyeza kwa pamsewu ndi kwa kupolisi

Kachipangizo ka m'manja kaja nthawi zambiri kamagwira ntchito ndi fuel cell, kamene kamasandutsa mowa kukhala mphamvu ya magetsi n'kuiyeza. M'maiko ambiri ntchito yake ndi yongothandiza wapolisi kuona ngati pali chifukwa chokumangirani. Umboni weniweni umachokera ku makina akuluakulu a kupolisi, omwe ambiri amawalitsa kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared mumpweya wanu n'kuona kuchuluka kwa kuwala komwe mowa wameza, kapena umachokera ku magazi. Ku England munthu amauzira kawiri pamakina a kupolisi, ndipo amatenga nambala yotsikayo. Choncho funsani loya wanu: kodi nambala yomwe abwera nayo kukhoti yachokera pa makina ati, ndipo lamulo la kuno limawavomereza ngati umboni?

Gawo lachinayi: mowa wotsalira mkamwa

Apa ndi pamene zolakwika zambiri zimachitikira. Makina amayembekezera mpweya wochokera pansi pa mapapo. Koma ngati mwangomeza kumene, kamowa kamakhala kadakali pa lilime, m'nkhama ndi kukhosi, ndipo kamowa kameneka n'kokwanira kukweza nambala kwambiri ngakhale m'magazi muli mochepa. Kamatha pakapita mphindi 15 mpaka 20. N'chifukwa chake ndondomeko za maiko ambiri zimalamula kuti wapolisi amuyang'anire munthu kwa mphindi zimenezi asanamuyeze: asadye, asamwe, asasute, asasanze.

Kugeya kokhala ngati kubzikula kumabweretsa zam'mimba kukhosi, ndipo zikatero nthawi yodikirayo imayenera kuyambiranso. Anthu amene amavutika ndi chilungulira, omwe asidi wa m'mimba amawakwera kukhosi, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira ngati izi zinatsatidwa. Makina amakono ali ndi njira yozindikirira mowa wa mkamwa, koma sagwira nthawi zonse, ndiye kudikira kuja sikunasiye kufunika. Pepala lanu lija likuthandizani apa. Ngati buku la apolisi likuti munafika 11:40 usiku ndipo kapepala ka makina kakuti munauzira 11:46, mphindi 15 zija zinadikiridwa kuti? Funso limeneli ndi loyenera kufunsidwa pamaso pa woweruza.

Gawo lachisanu: itanitsani mbiri ya makinawo

Sikelo iliyonse imasokonekera ikapanda kuchunidwa, makinawa n'chimodzimodzi. Amayenera kuyesedwa nthawi ndi nthawi pogwiritsa ntchito mpweya kapena madzi okhala ndi mlingo wodziwika wa mowa, ndipo zotsatira zake zimalembedwa. Kudzera mwa loya wanu, pemphani chikalata chosonyeza tsiku limene makinawo anachunidwa komaliza, buku la zowonongeka ndi zokonzedwa, ndi satifiketi yosonyeza kuti amene anakuyezaniyo anaphunzitsidwa ntchitoyi. Onani ngati nambala ya makina yomwe ili pa chikalata ikufanana ndi ya pa kapepala kanu. Onaninso ngati makina anayamba ayeza mpweya wa m'chipindamo n'kusonyeza 0 musanauzire.

Musaone ngati uku n'kuvutitsa anthu pachabe. Mu 2018 khoti lalikulu la ku New Jersey ku United States linagamula kuti zotsatira za anthu oposa 20,000 n'zosadalirika, chifukwa amene ankachuna makina sanagwiritse ntchito choyezera kutentha chovomerezeka chomwe ndondomeko inkalamula. Kachinthu kamodzi kodumphidwa, milandu zikwizikwi n'kugwedezeka. Kutentha kuli ndi ntchito chifukwa makinawa anapangidwa poganiza kuti mpweya wa munthu umatuluka uli pa madigiri 34 Celsius.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: thupi lanu

Munthu amene thupi latentha kwambiri amatulutsa mowa wambiri mumpweya kuposa mmene akanatulutsira ali bwino, ndiye nambala imakwerako. Kusunga mpweya m'chifuwa musanauzire kumaikwezanso pang'ono. Odwala shuga amene shuga wawo wasokonekera amatulutsa mankhwala otchedwa acetone mumpweya, ndipo makina akale komanso tizipangizo totchipa timatha kuyesa kuti ndi mowa, ngakhale makina atsopano amasiyanitsa bwino. Chachikulu kwa odwala shuga n'chakuti shuga akatsika kwambiri munthu amadzandira, lilime limalemera, amasokonezeka, wapolisi n'kuona ngati waledzera.

Zonsezi zimafuna kalata ya dokotala ndi buku lanu la kuchipatala, osati pakamwa pokha. Ndipo zimathandiza amene wapitirira malire ndi pang'ono. Amene wawapitirira kawiri, kutentha thupi sikungafotokoze zimenezo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: nthawi ya pakati pa kuyendetsa ndi kuyezedwa

Mowa sufika pachimake m'magazi nthawi yomweyo. Zimatenga pakati pa theka la ola ndi ola limodzi ndi theka, kutengera ngati m'mimba muli chakudya. Ndiye zimatheka kuti pamene munkayendetsa munali pansi pa malire, koma pofika kupolisi mowa n'kukhala utakwera. Maloya amaigwiritsa ntchito mfundo imeneyi, koma isamaleni. Malamulo a maiko ena amangotenga kuti nambala ya nthawi yoyezedwa ndi yomweyo ya nthawi yoyendetsa. Komanso ngati munamaliza kumwa kalekale, mfundoyi imakutembenukirani: thupi limachotsa pafupifupi 0.015 pa ola, choncho woimira boma atha kuwerengera chobwerera n'kusonyeza kuti pamsewu paja munali pamwamba kuposa zomwe makina anapeza.

Kuchedwa kumeneku kwa mowa kutuluka m'thupi ndi komwe kumagwiritsa anthu m'mawa. Munthu wagona, wasamba, akuti angotsala ndi matsire, koma m'magazi mowa udakalimo. Pamenepo makina sanalakwe.

Ngati anakutengani magazi

Magazi ndi odalirika kuposa mpweya, komabe nawo ali ndi mafunso ake. Anatenga ndani, ndipo ndi wovomerezeka? Anapukuta pakhungu ndi mankhwala opanda mowa? M'kabotolo munali mankhwala oletsa magazi kuwonongeka? Anakamata n'kulemba dzina lanu inu mukuona, ndipo kanadutsa m'manja mwa yani kufikira ku labotale? Ku South Africa lamulo limafuna kuti magazi atengedwe pasanathe maola awiri. Kumene lamulo limalola, pemphani gawo la magaziwo kuti mukayezetse panokha.

Pomaliza, khalani pansi ndi loya musanayankhe mlandu

Pitani ndi pepala lanu, kapepala ka makina ndi zikalata za kuchipatala. Muuzeni zoona zokhazokha, ngakhale zochititsa manyazi, chifukwa loya amene wabisiridwa amakagwa nanu limodzi kukhoti. Ngati mulibe ndalama, funsani kukhoti komweko za maloya othandiza anthu osowa. Tsiku la khoti musalijombe, ndipo zimene anakulamulani pokupatsani belo muzitsatire.

Dziwaninso kuti nambala ikakanidwa sikuti mlandu watha. M'maiko ambiri muli mlandu wina woyendetsa galimoto mowa utakusokonezani, womwe umadalira zimene wapolisi ndi mboni anaona: kayendedwe ka galimoto, fungo, maso, kalankhulidwe. Loya ayenera kuunika mbali zonse ziwiri, komanso ngati anakuimitsani ndi kukumangani motsatira lamulo.

Akaunika n'kupeza kuti makina anachunidwa pa nthawi yake, mphindi zija zinadikiridwa, ndipo nambala ili patali ndi malire, mufunseni mosapita m'mbali za kuvomera mlandu. Makhoti ambiri amachepetsa chilango kwa wovomera msanga. Ku England chimatha kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu ngati mwavomera pa tsiku loyamba la kukhoti. Mufunsenso zoti mukanene popempha kuti chilango chichepe: ngati ndi koyamba, ngati pali anthu amene akudalira inu, ndi ngati mwayamba kale kulandira thandizo pa nkhani ya mowa.