Jombo zongotuluka m'bokosi zikutsitsa alenje a elk m'phiri

Nyengo yosaka elk (nyama yaikulu ya mtundu wa agwape) ndi uta, yomwe ku Colorado, m'dziko la America, imatenga mwezi wa Seputembala, yatha ndi madandaulo omwe aja a chaka chatha. Alenje olipira chiphaso chodula, ena atachita kutenga tchuthi cha sabata yathunthu, amatsika m'phiri tsiku lachitatu akutsimphina. Ukawafunsa za jombo zawo, yankho ndi limodzi: anagula Loweruka, n'kukazivala koyamba Lolemba pamsasa, saizi yake yomweyo ya nsapato zopitira kuntchito.

Pa saizi pomwepa ndi pamene pagona vuto. Mu Seputembala elk za m'mapiri a Rocky zimakonda kukhala pamwamba, mamita 2,500 mpaka 3,500, ndipo mlenje woyenda pansi amadula makilomita 10 kapena 15 patsiku, mopingasa phiri, kulumpha mitengo yakugwa, kuponda miyala yogwedera. Phazi loyenda chotero limatupa. Jombo yomwe inakwana bwinobwino m'sitolo m'mawa imafika madzulo itasanduka msampha. Pokwera, chidendene chikakhala kuti sichinagwidwe chimanyamuka n'kukhula kumbuyo kwa jombo phazi lililonse, ndipo khungu lofewa ndi thukuta silichedwa kutulutsa thuza. Potsika zinthu zimaipiratu. Phazi limatsetserekera kutsogolo, chala chachikulu chimagunda kumphuno kwa jombo kambirimbiri, magazi amaundana pansi pa chikhadabo, chimada bii, pakapita masabata chimazuka chokha.

Zonsezi ndi munthu asanasenze kanthu. Elk yamphongo yokhwima imafika makilogalamu 300, ndipo ukachotsa mafupa nyama yotsala imayandikira makilogalamu 100. M'madera otetezedwa ndi lamulo la Wilderness Act la 1964 simulowa galimoto, njinga yamoto ngakhalenso yakapalasa. Wopanda kavalo amatulutsa nyamayo pamsana, maulendo atatu kapena anayi, ulendo uliwonse makilogalamu 30 kapena kuposa. Katundu wotere amaphwatalitsa phazi, ndipo jombo ya soli yofewa, yopindika ngati nsapato yothamangira, imasiya kakolo akulimbana yekha ndi phirilo. Masana a Seputembala kumatentha, nyama sidikira matuza kuti apole, komanso lamulo la Colorado silimulola munthu kusiya nyama yodyedwa kuti iwole m'thengo.

Chotopetsa n'chakuti alenje akale akadaphunzitsabe achinyamata kuti "zikula zokha," kapena kuti aziviike mumtsinje n'kuyenda nazo mpaka ziume. Nzeru imeneyi inkagwirako ntchito pa jombo zachikopa chokhachokha. Za masiku ano, kaya ndi Kenetrek, Crispi, Lowa kapena Meindl, zambiri zili ndi lamba wa labala wozungulira m'munsi ndi kansalu kosalowa madzi, monga ka Gore-Tex, m'kati. Chikopa cha pamwamba chimafewa ndithu n'kutsatira phazi, koma kutalika kwa jombo sikusintha ngakhale pang'ono. Yaifupi lero idzakhala yaifupi mpaka soli itatha. Enanso amathamangira nambala yaikulu pabokosi, magalamu 800 a Thinsulate (zofunditsa phazi za m'kati mwa jombo), poganiza kuti kuphiri n'kozizira basi. Mu Seputembala jombo yotere imangowiritsa phazi, sokosi imanyowa, matuza n'kubwera msanga.

Mlimi wina woweta ng'ombe ku Idaho, ku America komweko, munthu woti amaswera chiimire tsiku ndi tsiku, anafotokoza zake akuseka koma maso ali pa zala za kuphazi. Iye ankati mapazi ake ndi olimba kale, n'chifukwa chake anakwera ndi jombo zatsopano za saizi ya zake za m'khola. Elk anaipha tsiku lachiwiri, kuchigwa kutali ndi msewu. Ulendo woyamba wosenza nyama anafika, wachiwiri anafika akudula njira mokhotakhota kuti zala zisagunde, wachitatu anatsika chafutambuyo m'malo otsetsereka kwambiri. Ulendo wachinayi anachita kukapempha mnansi wa akavalo, ndipo pofika anapeza mwendo umodzi wa elk ija wayamba kununkha pafupa. Zikhadabo ziwiri zinazuka Khirisimasi isanafike.

Zoyenera kuchita si zambiri. Gulani jombo miyezi iwiri kapena itatu nyengo isanatsegulidwe. Kaziyeseni madzulo, mutavala masokosi omwe mudzasakire, a ubweya wa nkhosa za merino, osati athonje. Musanamange zingwe, kankhirani phazi kutsogolo: kumbuyo kwa chidendene kulowe chala chimodzi. Mukamanga, kutsogolo kwa zala kutsale mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, zomwe kwa ambiri ndi theka la saizi kuposa ya masiku onse. Masitolo a zosakira amakhala ndi kathabwa kopendekeka. Imanipo choyang'ana kumunsi, zala zikagunda bwezani pomwepo. Chidendene chisanyamuke kuposa theka la sentimita. Wa phazi lotambalala afunse jombo yotambalala m'malo mokweza saizi. Gwirani jombo kumphuno ndi kuchidendene n'kuipotoza ngati mukufinya chovala, ikapotoka mosavuta siyosenzera nyama. Italike masentimita 20 mpaka 25 kuti igwire kakolo.

Za kutentha: ya Seputembala ikhale yopanda Thinsulate kapena magalamu 200, ya Okutobala 400, ndipo 800 ndi ya Novembala pa chipale chofewa, makamaka kwa wokhala pansi kudikirira. Yendani nazo makilomita 60 mpaka 80 musanapite, ena mwa iwo pamtunda ndi chitsetso, chikwama cholemera chili kumsana. Malo ena paphazi akayamba kuwotcha imani nthawi yomweyo, pukutani, matani Leukotape (tepi yomata pakhungu) thuza lisanatuluke. Musanayambe kutsika mangitsaninso zingwe za pakakolo. Masana sinthani masokosi. Madzulo chotsani kasoli ka m'kati, jombo ziume ndi mphepo kutali ndi moto, chifukwa moto umasungunula guluu wa soli ndi lamba uja n'kuumitsa chikopa mpaka kung'aluka.