Kuyatsa siteshoni ya magetsi ya gasi popanda kuwononga makina

Siteshoni ya gasi imafunika kwambiri chifukwa cha changu chake. Dzuwa likalowa magetsi a sola n'kuchepa, kapena mphepo ikaleka, ndiyo imadzutsidwa msanga kuti anthu asakhale mumdima. Turbine yaing'ono yoyenda payokha (turbine ndi makina a mapiko ozunguzidwa ndi mpweya wotentha, amene amayendetsa jenereta) imafika pa mphamvu zake zonse m'mphindi 10 zokha. Komabe changucho chili ndi ndondomeko yake yosayenera kudumphidwa.

Yambani ndi gasi weniweniyo. Afike wouma, wosefedwa bwino ndiponso wokankha mokwanira. Ma turbine aakulu ambiri amafuna ma bar 30 kapena kuposerapo (bar ndi muyeso wa kukankha kwa gasi). Timadontho tamadzi kapena tamafuta tikalowa m'chipinda choyakira moto timapsereza zitsulo, n'chifukwa chake gasi amayamba watenthetsedwa kaye.

Kenako tsimikizani kuti pampu ya oyilo ikugwira ntchito ndipo shafiti (chitsulo chachitali chapakati pa turbine) ikuzungulira pang'onopang'ono. Shafiti yotentha ikasiyidwa chiimire imapindika, ndipo mudzaidziwa ndi kunjenjemera kwa makina poyatsa.

Musanayatse moto, mota yoyambitsira izunguze turbine kwa mphindi zingapo kuti mpweya ukankhire kunja gasi yense wotsalira m'makina, m'boila ndi m'chumuni. Apa pokha musapupulume ngakhale akufulumizeni chotani: gasi wobisalayo akakumana ndi moto amaphulika. Moto ukakana kuyaka, vavu ya gasi imadzitseka yokha, ndiye mubwereze kuuzira mpweya kuyambira pachiyambi.

Moto ukagwira, liwiro likwere mosadukiza. Pali maliwiro ena apakati pomwe shafiti imanjenjemera kwambiri, musaimepo. Jenereta yaikulu imazungulira ka 3,000 pa mphindi kumene magetsi ali a 50 Hz (osinthasintha ka 50 pa sekondi), ndi ka 3,600 kumene ali a 60 Hz. Lumikizani ku mawaya a dziko pokhapokha voltage (kukankha kwa magetsi), frequency (ma Hz aja) ndi phase (kuyendera pamodzi kwa mafunde a magetsi) za jenereta zikagwirizana ndendende ndi za mawayawo. Zikasemphana, jenereta imagwedezeka mwamphamvu moti shafiti ikhoza kuwonongeka.

Pa siteshoni ya combined cycle, yomwe imagwiritsanso ntchito utsi wa turbine, ntchito imapitirira. Utsi wotuluka mu turbine, wotentha madigiri Celsius pafupifupi 600, umalowa m'boila kuwiritsa madzi, nthunziyo n'kuyendetsa turbine yachiwiri. Potero, pa mphamvu 100 za gasi pafupifupi 60 zimasanduka magetsi, pomwe turbine imodzi yokha kawirikawiri imathera pa 35 mpaka 40. Mbali imeneyi ndiyo yofuna kufatsa. Zitsulo za boila ndi za turbine ya nthunzi n'zochindikala. Kunja kukatentha msanga mkati mukadali mozizira, zimachita ming'alu. Makina akakhala kuti anazizira kotheratu, apatseni maola angapo, ndipo mutsegule mavavu okhetsera madzi m'mapaipi a nthunzi, chifukwa madzi akamenya mapiko a turbine amawakukuta.

Mphamvu zikamatsika popanda chifukwa chooneka, onani kaye nyengo. Mphamvu zolembedwa pa makina zimayezedwa kunja kukutentha madigiri Celsius 15, ndipo mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho tsiku lotentha turbine imatulutsa magetsi ochepa. Ngati si nyengo, yang'anani masefa a mpweya ndi mapiko a kompuresa, chipangizo chopanikiza mpweya wolowa mu turbine. Fumbi likamatirira pamenepo, tsukani ndi madzi ochotsedwa mchere.

Musaiwalenso paipi yobweretsa gasi, poti masiteshoni ambiri sasunga gasi pamalopo. Mu February 2021 ku Texas m'dziko la America, zitsime ndi zida za gasi zitaundana ndi chisanu, masiteshoni ambiri anasowa choyatsa panthawi imene anthu ankafunitsitsa magetsi.