Momwe mungasankhire malo a sitolo yaikulu ya mafoni ndi makompyuta mumzinda

Makatoni a mapulintala akafika kudenga, kasitomala wachitatu n'kumadikira pakhonde chifukwa mkati mumakwana anthu awiri okha, mwini shopu amayamba kuponya maso pa nyumba zochititsa lendi. Imeneyi ndi nthawi yabwino, koma ndi nthawi yomwenso mpamba wosonkhanitsa zaka zambiri umatha kulowa m'madzi. Ambiri amakopeka ndi magalasi aakulu ndi matailosi onyezimira, kuiwala kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Nyumba muisankhe pomaliza. Choyamba dziwani munthu amene mukufuna kuti alowe pakhomopo, kumene amayenda, ndi nthawi imene amakhala ndi ndalama m'thumba.

Yambani ndi buku lanu la malonda

Musanapite kukaona nyumba iliyonse, tengani malisiti a chaka chathachi mugawe ogula anu m'magulu. Pali wogula foni yamabatani, chaja ndi memori khadi, amene amalowa chifukwa wadutsa pakhomo panu. Pali wa ku ofesi kapena ku bungwe amene amaimba foni, kupempha kotesheni ya malaputopu khumi, n'kudzalipira kudzera ku banki. Pali wophunzira wa ku koleji amene amafuna laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito koma yolimba. Palinso wobwera ndi foni yosweka galasi.

Funso lofunika si lakuti gulu lalikulu ndi liti. Funsani kuti phindu lambiri likuchokera kwa ndani. Shopu imatha kudzadza tsiku lonse ndi ogula machaja, pamene amene akulipira lendi ndi malipiro a antchito ndi mabungwe atatu omwe amabwera kamodzi pamwezi. Ngati zanu zili choncho, khamu la pa depoti silikuthandizani kwenikweni. Mukufunika malo oimika galimoto ndi msewu woti dalaivala wa ku ofesi aupeze mosavuta.

Onani zomwe zinachitikira akuluakulu pa malonda amenewa

Nkhani ya ku America ili ndi phunziro kwa ife. Kampani ya makompyuta ya Gateway inatsegula masitolo ake m'malo otsika lendi, kutali ndi kumene anthu amayenda pansi, poganiza kuti wofuna kompyuta adzalolera kuyenda ulendo. Mu 2004 inatseka masitolo ake onse 188 omwe anatsala. Apple inatenga njira ina. Masitolo ake awiri oyamba anatsegulidwa pa 19 Meyi 2001 ku Tysons Corner ku Virginia ndi ku Glendale ku California, onse m'mamolo odula momwe anthu ankadutsa kale. Cholinga chinali chakuti ngakhale munthu amene sanaganizepo zogula kompyuta yawo alowe, aigwire, aiyese. Mu 2023, potsegula masitolo ake oyamba ku India, Apple inachitanso chimodzimodzi, ku Mumbai ndi ku Delhi.

Sindikunena kuti aliyense athamangire malo odula. Apple imapeza phindu lalikulu pa chinthu chilichonse chomwe yagulitsa, pamene inu mukupikisana ndi mnzanu wa khomo loyandikana pa foni yomweyomweyo. Chomwe mungatolepo n'chakuti sitolo yaikulu imakhalira anthu olowa kudzaona, ndipo lendi yotsika pamalo opanda anthu ndiyo yodula kwambiri.

Udziweni mzinda wanu dera ndi dera

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, 800,264 ku Blantyre, 221,272 ku Mzuzu ndi 105,013 ku Zomba. Manambalawa amangokuuzani kukula kwa msika. Sakuuzani khomo lomwe ogulawo amadutsa.

Lilongwe ndi mzinda womwazikana, ndipo uli ndi mitima iwiri. Ku Old Town, kuyambira ku Malangalanga, ku depoti, ku Bwalo la Njobvu mpaka kuwoloka mlatho kupita ku Area 3 ndi Area 4, n'kumene kuli phazi. Anthu a ku Kawale, Biwi, Mchesi ndi Area 36 amatsikira kumeneko, chimodzimodzinso ochokera ku Dedza, Mchinji ndi Salima odzapikula katundu. Mafoni otsika mtengo, masola ang'onoang'ono ndi mawailesi amayenda kwambiri. Vuto lake ndi kuthithikana: kasitomala wa galimoto amazungulira kufuna poimika mpaka kutopa, ndipo lole yotsitsa katundu imavutika kufika pakhomo masana.

Ku City Centre ndi kosiyana. Kuli mabanki, maofesi a akazembe, mabungwe, ndipo Capital Hill ili pafupi. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu ogula ake ndi a makotesheni aja, koma ikangokwana 5 koloko madzulo derali limakhala zii, Loweruka masana ndi Lamulungu n'kuchita ngati anthu asamuka. Wogulitsa makompyuta, mapulintala ndi inki ku maofesi angachite bwino kumeneko. Wodalira mabanja odzagula TV kumapeto kwa sabata adzakhala akuyang'ana khomo.

Pakati pa ziwirizi pali mamolo. Gateway Mall ya ku Area 47, yomwe inatsegulidwa mu 2014, ili ndi poimika magalimoto ambiri ndipo imakoka mabanja a ku Area 47, 49 ndi madera oyandikira. Pa Crossroads pamakumana msewu wa M1 ndi wa ku Mchinji. Malo ngati amenewa amakupatsani alonda, ukhondo ndi anthu a Loweruka, koma lendi yake imabwera ndi ndalama zina zoonjezera zomwe tikambe kutsogoloku. Musanyozenso kumpoto kwa mzinda. Anthu a ku Area 25 ndi ku Kanengo ndi ochuluka, ndipo ulendo wopita m'tauni pa minibasi umawadyera nthawi ndi ndalama.

Blantyre ndi wosavuta kumuwerenga chifukwa malonda ake andandalikana mumsewu umodzi, wa Masauko Chipembere. Kumapeto kwina kuli tauni ya Blantyre, ndi mabanki ndi maofesi a mu Victoria Avenue komanso mashopu a mu Haile Selassie. Kumapeto kwinako kuli Limbe, kwa opikula, kumene amalonda a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Phalombe amadzaoda katundu. Pakati pali Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ndi mayunivesite a MUBAS ndi KUHeS, kenako Chichiri. Ine ndikanakhala wogulitsa malaputopu ndi kukonza makompyuta, ndikanayamba kufufuza chigawo cha Ginnery Corner ndi Chichiri ndisanapite kwina, chifukwa ophunzira, adokotala ndi anthu a m'maofesi amakumana pamenepo, ndipo minibasi za Limbe ndi Blantyre zimadutsa tsiku lonse.

Ku Mzuzu tauni ndi yophatikizana, choncho kusiyana kwa malo awiri kumatha kukhala kwa mamita ochepa chabe: mbali ya msewu yomwe anthu amayenda pochoka ku depoti kupita kumsika, ndi mbali yomwe sayenda. Ophunzira a Mzuzu University ali ku Luwinga.

Kumbukiraninso nyengo ya fodya. Misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa, alimi amagula mafoni, masola ndi ma TV, ndipo amagula pafupi ndi pamene akwerere galimoto yobwerera kumudzi.

Kawerengeni anthu nokha

Apa ndi pamene ambiri amachita ulesi, n'kungokhulupirira mawu a ejenti akuti pano anthu ndi mbwee. Sankhani malo atatu kapena anayi. Pa malo aliwonse khalani ndi kope, muwerenge odutsa pakhomo penipenipo kwa mphindi 15, m'mawa, masana ndi madzulo. Chitani zimenezi pakati pa sabata, Loweruka, pa malipiro a kumapeto kwa mwezi, komanso cha pa 15 pamene matumba auma. Pitaninso tsiku la mvula, muone ngati madzi amadikha pakhomo.

Musangowerenga mitu. Onani amene akuyenda mothamangira minibasi ndi amene akuyenda moyang'ana m'mawindo. Onani ngati otuluka m'masitolo oyandikana nawo anyamula majumbo kapena akutuluka manja lendelende. Fikani kwa mlonda, kwa mayi wogulitsa mandasi, kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wa pakona, muwapatse moni bwinobwino, mufunse kuti, "Kodi bambo, muno munali ndani kale, ndipo anachokeranji?" Ngati mashopu atatu alowa ndi kutuluka m'nyumba imodzi pa zaka zochepa, pali chifukwa chake, ndipo anthu amenewa amachidziwa.

Opikisana nawo asakuopseni. Wofuna foni amapita kumene kuli mashopu ambiri a mafoni kuti ayerekeze mitengo, choncho kukhala nawo pafupi n'kwabwino ngati muli ndi chokusiyanitsani, monga waranti yolembedwa ndi mmisiri wokonza pompo.

Zungulirani kuseri kwa nyumba

Magetsi ndiwo moyo wa sitolo yotere. Namondwe Ana ataononga damu la ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kunapitirira chaka chathunthu. Funsani oyandikana nawo kuti laini ya pamalopo imazima kangati. Onani ngati sitoloyo ili ndi mita yakeyake ya ESCOM. Mita yogawana imabala mikangano ya mayunitsi mwezi ndi mwezi. Ngati pali jenereta, mafuta amagula ndani, ndipo imayatsidwa pakatha mphindi zingati? Ngati mukufuna kuika sola, eni nyumba akulolani kukhoma mapanelo padenga? Itanani wa zamagetsi wanu ayese mawaya, chifukwa mawaya osalongosoka amapsereza katundu wa mamiliyoni pakanthawi kochepa.

Kwezani maso kudenga. Madontho achikasu pa siling'i ndi umboni wakuti kumadontha. Siling'i yopyapyala yolumikizana ndi shopu ina ndi njira ya akuba, omwe nthawi zambiri amalowera pamwamba osati pakhomo. Payenera kukhala chipinda cha khoma la njerwa chosungiramo katundu wodula usiku, zitseko zachitsulo zotsitsa, ndi khomo lakumbuyo lotsitsira katundu anthu asakuona. Ganiziraninso za njira yomwe zionetsero zimadutsa. Pa 20 Julaye 2011 komanso mu 2019, masitolo ambiri m'mizinda anaswedwa ndi kuberedwa. Musanasaine kanthu, itanani a inshuwalansi aone nyumbayo, akuuzeni mtengo komanso ngati angakutetezeni pa zipolowe.

Yesani netiweki ya makampani onse muli mkati mwenimweni mwa sitolo, ndipo funsani ngati waya wa intaneti wafika kale pamalopo.

Za misewu musazinyalanyaze. Ntchito yokulitsa msewu wa Kenyatta ndi wa M1 ku Lilongwe inasintha makhotero a galimoto pa malo ambiri. Pitani ku khonsolo ndi ku Roads Authority mukafunse ngati nyumbayo ili kunja kwa malire a msewu, komanso ngati pali mapulani oika chotchinga pakati pa msewu chomwe chingalepheretse galimoto kukhotera kwa inu.

Sandutsani lendi kukhala mafoni

Phatikizani zonse za pamwezi: lendi, ndalama zosamalira malo, magetsi, mafuta a jenereta, alonda, inshuwalansi, malipiro a antchito owonjezera. Tiyerekeze kuti zakwana K6,000,000, ndipo phindu lanu pa foni imodzi ndi K30,000. Ndiye kuti mukufunika kugulitsa mafoni 200 pamwezi, pafupifupi 8 patsiku, musanapeze ngakhale tambala yanuyanu. Bwererani ku kope lija. Kodi anthu omwe munawerenga angakupatseni malonda amenewo m'mwezi wa Febuluwale, pamene mabanja ambiri akuganiza za chakudya ndi fizi?

Sitolo yaikulu imafunanso katundu wodzadzitsa mashelefu, ndipo katunduyo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zimavuta kupeza. Malo ocheperako odzadza bwino amagulitsa kuposa holo yokhala ndi mashelefu opanda kanthu.

Mgwirizano wa lendi upite kwa loya

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi ndalama yomwe lendi yawerengedwera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene lendi yawo inamangiriridwa ku dola anadzuka ndi bilu ina. Limbikirani lendi ya m'makwacha, ndipo palembedwe kuti idzakwera liti komanso ndi zingati.

Pemphani miyezi yokonzera sitolo musanayambe kulipira. Palembedwe kuti mashelefu, makamera ndi sola zomwe mwaika ndi zanu potuluka. Mu molo, funsani chomwe chingachitike sitolo yaikulu yokoka anthu itatseka. Masitolo a PTC atatsekedwa mu 2022, mashopu ang'onoang'ono omwe ankadalira anthu ake anaona kusintha. Funsaninso ngati eni malo angalowetse wogulitsa mafoni wina khomo loyang'anizana ndi lanu. Onani zikalata zotsimikizira kuti amene mukusaina naye ndi mwini wake kapena womuimira wovomerezeka, ndipo musapereke dipoziti kwa ejenti pamanja.

Mapepala, ndi shopu yakale ija

Laisensi ya khonsolo imatsata malo, choncho nyumba yatsopano ikufuna yakeyake, ndipo chikwangwani chachikulu chapanja chimafunanso chilolezo. Dziwitsani a MRA za nthambi yatsopanoyo, ndipo mafoni ndi marauta omwe mukuitanitsa akhale a mitundu yovomerezedwa ndi MACRA.

Shopu yakale musathamangire kuitseka. Ngati mpamba ukulola, isiyeni kwa miyezi isanu ndi umodzi ikugulitsa machaja ndi kulandira mafoni odzakonzedwa, antchito ake akulozera makasitomala ku sitolo yatsopano. Sungani nambala ya foni yomweyo, sinthani malo anu pa Google Maps ndi pa Facebook sabata yotsegulira isanafike, ndipo muwauze anyamata a kabaza a pa siteji yapafupi dzina la sitolo ndi pamene ili, chifukwa mlendo akatsika minibasi amafunsa iwowo.